Magawo Anayi a Penal Code: Zimene Lamulo la Malawi Limanena pa za Amuna kapena Akazi Okhaokha

Phunziro la lero likukhudza nkhani imene anthu amaikamba mokweza m'minibasi, pa wailesi ndi paguwa, chonsecho ndi ochepa amene anatsegulapo buku la malamulo n'kuwerenga zimene zinalembedwamo. Tikamba za malamulo a dziko la Malawi oletsa kugonana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. Ndikudziwa kuti aliyense wa inu wabwera ndi maganizo ake, ochokera kunyumba, kutchalitchi kapena kumzikiti, ndipo sindikukulandani maganizowo. Chimene ndikufuna n'chakuti potuluka muno muzitha kusiyanitsa zinthu zitatu zimene ambiri amazisakaniza: lamulo lomangitsa munthu, lamulo la ukwati, ndi chiphunzitso cha chipembedzo. Ndikufunanso mudziwe kuti mphamvu yosintha lamulo ili ndi yani, chifukwa funso limeneli ndi limene lakhala likuzunguza dziko lathu kuyambira mu 2010.

Zimene zinalembedwa

Milandu ya upandu m'dziko muno inalembedwa m'buku lotchedwa Penal Code. M'menemo muli kuba, kupha, kugwirira, chinyengo ndi zina zambiri, uliwonse ndi gawo lake komanso chilango chake. Magawo okhudza nkhani yathu alipo anayi.

Gawo 153 ndilo lolemera kuposa onse. Limanena za munthu wogona mnzake m'njira imene lamulo likuitcha yosemphana ndi chilengedwe, za munthu wogona nyama, ndiponso za munthu wolola mwamuna kumugona m'njira yoteroyo. Wopezeka wolakwa angathe kukakhala kundende mpaka zaka 14. Gawo 154 likuti ngakhale wongoyesa kuchita zimenezi angalandire zaka 7. Gawo 156 likunena za mwamuna wochita zolaula ndi mwamuna mnzake, kaya pagulu kaya kobisika, ndipo chilango chake chimafika zaka 5. Gawo 137A likunena chimodzimodzi za mkazi ndi mkazi mnzake, nalonso zaka 5.

Tsopano tiwerenge mofatsa, pakuti lamulo saliwerenga mothamanga.

Choyamba, magawo onsewa akulanga mchitidwe. Palibe pamene pakuti munthu amangidwe chifukwa cha mmene amamvera mumtima mwake, mmene amayendera, mmene amavalira kapena mmene amalankhulira. Kuti bwalo limupeze munthu wolakwa, boma liyenera kubweretsa umboni wakuti anachitadi chinthu chakutichakuti, ndipo umboniwo usasiye chikayiko. Mphekesera za pamjigo si umboni. Mfundo imeneyi muigwire zolimba, tibwereranso kwa iyo.

Chachiwiri, magawowa safunsa ngati anthuwo anagwirizana kapena ayi, ndipo safunsa msinkhu wawo. Akuluakulu awiri amene agwirizana m'nyumba mwawo, chitseko chili chitsekere, akugwa m'gawo limodzi ndi munthu amene wakakamiza mnzake. Apa ndi pamene pagona mkangano waukulu, chifukwa pa milandu yambiri yokhudza kugonana, chimene chimapanga mlandu ndicho kusowa kwa chilolezo kapena kuchepa msinkhu kwa wochitiridwayo.

Chachitatu, gawo 153 silinena kuti amuna awiri. Likunena za munthu aliyense, ndipo polankhula za wololayo likutchula mwamuna ndi mkazi yemwe. Ndiye kuti malinga ndi mmene linalembedwera, likhoza kukhudzanso bambo ndi mayi a pabanja. Komanso silinalongosole kuti chosemphana ndi chilengedwe n'chiyani kwenikweni, monganso gawo 156 silinalongosole kuti zolaula zimayambira pati. Zimenezo anasiyira oweruza. Lamulo lomangitsa munthu zaka zambiri chonchi likakhala ndi mawu osamveka bwino, wapolisi aliyense amalitanthauzira mwakemwake, ndipo ilo ndi vuto lalikulu pa lamulo lililonse, osati lokhali.

Za ukwati zili m'buku lina. Lamulo la maukwati ndi mabanja la mu 2015, limene linakwezanso msinkhu wolowera m'banja kufika zaka 18, likunena kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, ndipo kuti umuna kapena ukazi wa munthu ndi umene anabadwa nawo. Choncho ngakhale magawo anayi aja atachotsedwa mawa m'mawa, ukwati wa amuna okhaokha sungakhale wovomerezeka m'Malawi. Ndi malamulo awiri osiyana.

Kumene magawowa anachokera

Penal Code yathu inayamba kugwira ntchito mu 1930, dziko lino likadali Nyasaland. Sanailembere Nyasaland yokha. Ofesi ya atsamunda ku London inali ndi buku la chitsanzo limene inkapereka kumaiko amene inkawalamulira, ndipo bukulo linatengera kwambiri malamulo a ku Queensland, ku Australia, amene Samuel Griffith anakonza ndipo anakhazikitsidwa mu 1899. Zimenezi zisanachitike, mu 1860, Angerezi anali atapatsa kale India buku lake la milandu lokonzedwa ndi Thomas Macaulay, ndipo gawo 377 la bukulo linali ndi mawu omwewa a kusemphana ndi chilengedwe. Tikabwerera m'mbuyo kwambiri tifika ku England mu 1533, nthawi ya mfumu Henry VIII, pamene mlandu umenewu unachotsedwa m'mabwalo a mpingo n'kupita m'mabwalo a boma. Mlandu wa zolaula pakati pa amuna, umene kwathu kuno uli gawo 156, anaukhazikitsa ku Britain mu 1885, ndipo ndi umene unamangitsa mlembi Oscar Wilde mu 1895.

N'chifukwa chake mukatsegula malamulo a Zambia pa gawo 155, a Kenya pa gawo 162, a Uganda pa gawo 145 ndi a Tanzania pa gawo 154, mupeza mawu ofanana kwambiri ndi athu. Onse anachokera m'dzanja limodzi. Eni akewo anasintha maganizo: lipoti la komiti ya Wolfenden mu 1957 linalangiza kuti za akuluakulu awiri ogwirizana m'nyumba mwawo zisakhale mlandu, ndipo England ndi Wales anachotsa mlanduwo mu 1967. Panthawiyo ife tinali titadziimira kale patokha kuyambira mu 1964, ndipo bukulo tinatsala nalo mmene linalili.

Pano ndichenjeze mbali zonse ziwiri. Amene amati lamuloli ndi la makolo athu akulakwitsa, pakuti mawu ake, manambala ake ndi zaka 14 zija zinabwera ndi atsamunda. Koma amene amati lamuloli ndi lachilendo ndiye lingochoka, nawonso sanamalize kuganiza. Lamulo loletsa kuba lili m'buku lomwelo ndipo linabwera tsiku lomwelo, koma palibe akuti lichoke. Ndiponso gawo 137A si la atsamunda ayi. Aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo ndiwo analivomereza mu Disembala 2010, ndipo mtsogoleri wa dziko Bingu wa Mutharika analisainira kumayambiriro kwa 2011. Kufikira nthawi imeneyo panalibe gawo lonena mwachindunji za akazi okhaokha. Tinalandira lamulo, ife eni n'kulikulitsa. Tsono tiyenera kuliyankhira tokha.

Chikhululukiro, lonjezo ndi chiletso

Kwa zaka zambiri magawowa sankamveka kawirikawiri kunja kwa mabwalo a milandu. Zinasintha kumapeto kwa Disembala 2009, pamene anthu awiri anachita chinkhoswe poyera ku Blantyre. Onse anabadwa amuna, ngakhale kuti mmodzi ankadziona kuti ndi mkazi ndipo ankakhala monga mkazi. Patangopita masiku awiri apolisi anawamanga. Anawakaniza belo ndipo anakhala miyezi pafupifupi isanu kundende ya Chichiri mlandu ukuzengedwa. Pa 20 Meyi 2010, woweruza Nyakwawa Usiwa Usiwa anawalamula kukagwira ukaidi wakalavulagaga kwa zaka 14, chilango chokwera kwambiri chimene gawo 153 limalola, ndipo ananena poyera kuti akufuna chilangocho chiopseze ena.

Pa 29 Meyi, mlembi wamkulu wa United Nations Ban Ki-moon ali m'dziko muno, Bingu wa Mutharika anawakhululukira. Ananena kuti sakugwirizana ndi zimene anachitazo, koma akuwatulutsa chifukwa cha chifundo. Mphamvu yokhululukira akaidi imachokera m'gawo 89 la malamulo aakulu a dziko. Koma taonani malire ake: chikhululukiro chimatulutsa munthu m'ndende, lamulo n'kutsala pomwe linali. Umboni wake ndi wakuti patangopita miyezi yochepa, mtsogoleri yemweyo anasainira gawo 137A.

Mu Meyi 2012, Joyce Banda atangotenga utsogoleri, anauza Nyumba ya Malamulo kuti boma lake likufuna kuchotsa malamulowa. Koma malamulowa sanachotsedwe. Mu Novembala chaka chomwecho, nduna ya zachilungamo Ralph Kasambara inamveka ikunena kuti apolisi ayambe aleka kumanga anthu pa magawowa mpaka aphungu atakambirana. Mipingo itadandaula, ndunayo inakana kuti inanena zotero. Mu Julayi 2014 nthumwi za boma zinauza komiti ya United Nations yoona za ufulu wa anthu kuti kumanga anthu pa milanduyi kunaimitsidwa. Mu Disembala 2015 amuna awiri anamangidwa ku Lilongwe, ndipo nduna ya zachilungamo ya nthawiyo, Samuel Tembenu, inalamula kuti mlandu wawo uthe, n'kubwereza kuti boma laimitsa kugwiritsa ntchito magawowa. Kenaka kumayambiriro kwa 2016 abusa ena anakadandaula ku bwalo lalikulu la milandu ku Mzuzu, ndipo woweruza Dingiswayo Madise anapereka chiletso choimitsa ganizo la bomalo.

Ophunzira, kaya mukugwirizana ndi abusawo kaya ayi, mfundo ya malamulo imene anadzutsa ndi yolemera. Boma lili ndi nthambi zitatu. Aphungu amapanga malamulo ndi kuwachotsa. Mtsogoleri wa dziko ndi nduna zake amaonetsetsa kuti malamulowo akutsatidwa. Mabwalo amatanthauzira malamulo ndi kuona ngati akugwirizana ndi malamulo aakulu a dziko. Nduna ilibe mphamvu yofafaniza gawo la Penal Code ndi mawu apakamwa kapena ndi chikalata chopita kwa atolankhani. Mkulu woimira boma pa milandu angathe kuthetsa mlandu umodzi umene uli m'bwalo, koma zimenezo sizichotsa gawo lenilenilo. Kuimitsa lamulo koma osalichotsa kuli ngati kusiya msampha uli chitcherere m'munda, mwini wake n'kungolonjeza kuti sakaonako: wodutsapo ukamkolabe. Ndipo zinachitikadi, chifukwa mu Disembala 2021 bwalo la majisitireti ku Mangochi linalamula munthu wina, wobadwa mwamuna koma wokhala monga mkazi, kukakhala kundende zaka 8 pa milandu imene ina mwa iyo inali ya gawo 153.

Nkhani ifika kwa oweruza atatu

Gawo 5 la malamulo aakulu a dziko, amene tinayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1994, likunena kuti lamulo lililonse losemphana nawo lilibe mphamvu. Si mawu ongokometsera. Mu Januwale 2017 bwalo lalikulu linathetsa mbali ina ya gawo 184 la Penal Code yomweyi, lamulo lija la vakabu, munthu wina wogulitsa majumbo atamangidwa ku Blantyre chifukwa choyenda m'bandakucha kupita ku geni yake. Naloso linali la atsamunda, nalonso linali ndi mawu osamveka bwino. Choncho njira ya kukhoti ilipo ndipo inagwirapo ntchito.

Mlandu wokhudza kutanthauzira malamulo aakulu a dziko umamvedwa ndi oweruza osachepera atatu a bwalo lalikulu, mkulu wa oweruza onse akavomereza kuti ndi wotero. Umu ndi mmene magawo 153, 154 ndi 156 anafikira pamaso pa oweruza Joseph Chigona, Chimbizgani Kacheche ndi Vikochi Chima ku Blantyre. Odandaula anali awiri: wa ku Mangochi uja, ndi mzungu wina wa ku Netherlands amene ankayankha milandu yomuganizira kuti anachitira achinyamata nkhanza zokhudza kugonana. Kuphatikizana kwa awiriwa kunasokoneza anthu ambiri, ndipo n'zomveka, pakuti nkhani ya akuluakulu ogwirizana inaoneka ngati yakumbatirana ndi nkhani ya nkhanza. Ndikukupemphani muzilekanitse m'mitu mwanu. Wogwirira mnzake, wogona mwana, wogwiritsa ntchito udindo kapena ndalama zake kukakamiza wosauka, ameneyo ayenera kulangidwa kolimba, kaya wochitiridwayo ndi mtsikana kaya ndi mnyamata.

Odandaulawo anatsamira pa gawo 19 lonena za ulemu wa munthu, gawo 20 loletsa tsankho, ndi gawo 21 loteteza zachinsinsi za munthu. Gawo 20 limatchula mtundu, khungu, umuna kapena ukazi, chilankhulo, chipembedzo, ulumali ndi zina, kenaka n'kuwonjezera mawu otseguka okhudza mkhalidwe wina uliwonse wa munthu. Funso linali lakuti kodi mawu otsegukawo akufikira anthu amene tikuwakambawa. Anakumbutsanso kuti Malawi anavomereza pangano la maiko onse la ufulu wa anthu pa zandale ndi zaumzika, ndipo komiti yoyang'anira panganolo inagamula kale mu 1994, pa mlandu wochokera ku Tasmania, kuti malamulo otere amaphwanya ufulu wa zachinsinsi. A boma ndi mabungwe a zipembedzo amene analowerera mlanduwo anayankha kuti ufulu uli ndi malire, kuti gawo 44 limalola malamulo kuuchepetsa pa zifukwa zomveka, ndipo kuti Amalawi ambiri amaona mchitidwewu kukhala wosemphana ndi chikhalidwe ndi chikhulupiriro chawo.

Mlandu uli mkati, mu Julayi 2023, akuluakulu a mipingo ndi a Chisilamu anatsogolera anthu miyandamiyanda pa zionetsero ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu, Zomba ndi madera ena. Uthenga waukulu pa zikwangwani unali wokana maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Kuchita zionetsero ndi ufulu wawo, ndipo anauchita mwamtendere. Koma inu amene mwamva phunziroli mukuona kuti oweruza sanafunsidwe za ukwati. Anafunsidwa ngati munthu ayenera kupita kundende.

Pa 28 Juni 2024 oweruza atatuwo anakana dandaulolo. Anagamula kuti magawowa sakusemphana ndi malamulo aakulu a dziko, ndipo anati ofuna kuti asinthe apite ku Nyumba ya Malamulo. Choncho magawo atatuwa, pamodzi ndi gawo 137A, anatsalabe lamulo la dziko.

Musaganize kuti mawu ofanana amabala chigamulo chofanana kulikonse. Mu Meyi 2019 bwalo lalikulu la ku Kenya linasunga gawo lawo 162. Pasanathe milungu itatu, pa 11 Juni, bwalo lalikulu la ku Botswana linathetsa gawo lawo 164, la mawu omwewo, ndipo bwalo la apilo linatsimikiza zimenezo mu Novembala 2021. Anansi athu a ku Mozambique sanadikire khoti: aphungu awo analemba buku latsopano la milandu limene linayamba kugwira ntchito mu 2015 lopanda mlandu umenewu. Ku Zambia gawo 155 likadalipo.

Mmene lamuloli limagwirira ntchito kunja kwa khoti

Milandu imene imafika kukhoti pa magawowa si yambiri. Mphamvu yake yaikulu imaoneka kwina. Munthu akabedwa foni ndi wina amene akudziwa chinsinsi chake, amaopa kupita kupolisi, kuti mwina wodandaula ndiye asanduka womangidwa. Wina amamuopseza kuti akapanda kupereka ndalama akamuulula. Mwininyumba amamuthamangitsa lendi isanathe, podziwa kuti sakadandaula kulikonse. Bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti mu 2018 lofotokoza nkhani zoterezi m'Malawi, ndipo mabungwe a kuno monga CEDEP ndi CHRR akhala akulemba zofanana.

Kuchipatala ndi kumene ine zimandipweteka kwambiri. Ndondomeko ya dziko lino yolimbana ndi HIV imatchula amuna ogonana ndi amuna anzawo ngati gulu limene liyenera kufikiridwa mwapadera ndi uphungu, kuyezetsa ndi ma ARV, chifukwa kachilombo kamafala kwambiri pakati pawo. Boma lomwelo limene likuti bwerani mudzayezetse lili ndi buku lonena kuti chimene mukauze namwino ndi mlandu wa zaka 14. Munthu wamantha amabisa matenda mpaka atakula. Ena mwa amunawa ali pabanja ndi akazi, kawirikawiri chifukwa cha chikakamizo cha achibale, ndiye matenda obisidwawo sathera pa iwo okha.

Maganizo anga ndiwanena poyera, ndipo muli ndi ufulu wowatsutsa ndi mfundo. Zinthu zambiri zimene zipembedzo zathu zimazitcha tchimo, monga chigololo cha anthu akuluakulu, kuledzera kunyumba kwako kapena kusapemphera, sizitengera munthu ku Maula kapena ku Zomba. Timazisiyira abusa, mashehe, ankhoswe ndi chikumbumtima cha munthu. Ine sindiona chifukwa chokwanira chakuti akuluakulu awiri amene sanavulaze wina aliyense atsekeredwe m'ndende zathu zodzaza kale. Munthu angathe kukhulupirira ndi mtima wonse kuti mchitidwewu ndi wolakwika pamaso pa Mulungu, n'kukhulupiriranso kuti unyolo si mankhwala ake. Aphungu ambiri ndi oweruza atatu aja akuona mosiyana ndi ine, ndipo lamulo lili kumbali yawo.

Koma pali chinthu chimene sichidalira maganizo anga kapena anu. Tibwerere ku mfundo yoyamba ija: lamulo likulanga mchitidwe wotsimikizidwa m'khoti. Silipatsa munthu aliyense, kaya ndi mfumu, kaya ndi a chitetezo cha m'mudzi, kaya ndi gulu la anyamata pamsika, chilolezo chomenya, kuvula, kuthyola chitseko kapena kuotcha nyumba ya munthu womuganizira. Wochita zimenezo wapalamula mlandu wa m'buku lomwelo. Woopseza mnzake kuti amupatse ndalama wapalamulanso. Womangidwa pa magawowa ali ndi ufulu wonse wa m'gawo 42: kuuzidwa chifukwa chimene wamangidwira, kukhala chete, kuonana ndi loya, ndi kufikitsidwa kukhoti pasanathe maola 48. Bungwe la Africa loona za ufulu wa anthu, limene Malawi ali pansi pake, linagwirizana mu 2014 pa chigamulo nambala 275 chopempha maiko onse kuthetsa nkhanza zochitira anthu chifukwa chowaganizira zimenezi. Ndipo pasukulu pano, kunyoza mnzanu ndi dzina loti wamathanyula chifukwa cha mawu ake kapena kayendedwe kake ndi nkhanza zimene malamulo a sukulu amaletsa.

Njira zosinthira magawowa zatsala ziwiri. Ina ndi bwalo lalikulu la apilo, limene lili ndi mphamvu yoonanso chigamulo cha oweruza a bwalo lalikulu. Ina ndi bilu ku Nyumba ya Malamulo, yobwera ndi nduna kapena phungu payekha, imene iyenera kuvomerezedwa ndi aphungu ambiri ndi kusainidwa ndi mtsogoleri wa dziko. Njira yachiwiriyi ingathe kuchotsa magawowa, ingathe kuwafewetsa kuti azikhudza okhawo okakamiza anzawo, ndipo ingathenso kuwakhwimitsa, monga anachitira aphungu a ku Uganda mu 2023.

Ntchito yokachitira kunyumba ndi iyi. Mukawerenge magawo 20, 21 ndi 44 a malamulo aakulu a dziko. Kenaka mulembe masamba awiri: tsamba loyamba ngati ndinu loya wa boma woteteza gawo 156, lachiwiri ngati ndinu loya wa odandaula. Pa masamba onse awiri, mfundo iliyonse itsamire pa mawu a m'magawo atatuwo, ndipo mbali imene simukugwirizana nayo muilembe mwamphamvu mofanana ndi inayo. Mubwere nazo Lachinayi.